Fulu wa ku Interlagos ndi Kansalu ka Mfundo Zitatu

Kamvula ka ku São Paulo kaja, kamene kamanyowetsa munthu mwaulemu osamuchenjeza, kanali katayamba pamene Tavinho anafika pa siteji ya basi, pafupi ndi chipata cha bwalo la mpikisano wa magalimoto la Interlagos. Dzina lake lenileni linali Otávio Peçanha, koma ndani ankamutchula choncho? Amayi ake okha, akakwiya.

Anali mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. M'mawa ankatsuka mainjini m'galaja ya a Nestor, madzulo n'kumathamangitsa karti, kagalimoto kang'ono kopanda denga kamene akatswiri onse a liwiro amayambirapo. M'khwapa anali atapanira chisoti chake choyera chotetezera mutu pa mpikisano, chokalikakalika ngati poto wa m'lesitilanti.

"Achimwene, chimenecho n'chisoti kapena mumatungira madzi?"

Tavinho anatembenuka. Mtsikana wa tsitsi lambiri ngati mtambo wa mvula, zala zake zili ndi madontho a utoto wachikasu ndi wabuluu, ankamuyang'ana uku akuseka. Mnyamata amene pokhota kona sankaganiza kawiri, anayamba kuchita chibwibwi!

"Chi... chimathamanga kwambiri," anatero.

"Chisoticho? Nanga mwini wake?"

Basi inafika, chitseko chinatseguka, mtsikana uja anakwera. Tavinho anangoima chilili, akufunafuna yankho labwino. Pamene yankho linkabwera, chitseko chinali chitatsekeka kale. Mtsikanayo anatulutsa mutu pawindo.

"Basi yakusiya, fulu iwe! Ndimapenta zisoti kuseri kwa sitolo ya matayala. Ukafunse za Jandira!"

Tsiku limenelo Tavinho anayenda wapansi mpaka kwawo, tsidya lina la bwalo, ali chinyowere, akumwetulira ngati wapata chikho.

Kutacha anawafotokozera a Nestor, bambo wachikulire wa mimba yaikulu amene anamuphunzitsa kugwira sipanala ndi chiongolero.

"Wa ku Bahia uja?" a Nestor anapukusa mutu. "Mwana wanga, atsikana a kumeneko ali ngati tsabola wa kwawo. Kukoma kwake n'komweko, misozi yake n'komweko."

"A Nestor, ine ndikungofuna kupentetsa chisoti."

"Eya. Inenso ndinkangofuna kufunsa njira, lero ndili ndi zidzukulu."

Jandira anachipenta chisoti chija, ndipo sichinalinso poto. Chinatuluka chabuluu ngati thambo la chilimwe, pamwamba pali mbalame yachikasu yotambasula mapiko. Koma kumbuyo kwake, pamwamba pa khosi, anajambulapo kafulu kakang'ono kotukula mutu.

"Nanga aka n'kachiyani?" anafunsa Tavinho.

"Amene uziwasiya m'mbuyo aziona kuti awapitirira ndi fulu. Manyazi okhawo awatha mphamvu."

Ndipo anawatheradi! Abale inu, chaka chimenecho fulu anauluka. Ana a anthu olemera ankabwera ndi malole odzaza mainjini atsopano, Tavinho ankabwera ndi a Nestor, bokosi la zida ndi chisoti cha mbalame. Koma mbendera ya timabokosi takuda ndi toyera ikamagwedezeka kumapeto kwa mpikisano, woyamba kudutsa anali yemweyo. Anatenga chikho cha makarti cha São Paulo, kenako cha Brazil yense. Atakwera m'galimoto yeniyeni ya mpikisano, ya mpando umodzi ndi matayala apoyera, anthu anati tsopano aona polekera. Polekera pati? Anapambana ku Goiânia, anapambana ku Cascavel, mpaka atolankhani anatopa n'kulemba dzina limodzi.

Lamlungu lopanda mpikisano awiriwa ankapita kumsika kukadya pastel wotentha, chitumbuwa chokazinga cha nyama mkati, ndi kumwa madzi a nzimbe, kenako n'kukwera padenga lathyathyathya la nyumba ya amayi a Tavinho, kuseri kwenikweni kwa mpanda wa bwalo. Pamadenga onse ozungulira ana ankaulutsa makaiti.

"Ukaona ana akutsitsa makaiti onse nthawi imodzi, uthamangire zovala pachingwe," Tavinho anamuuza tsiku lina. "Mphepo yochokera kudamu uko ikazizira m'zala, mvula yafika. Ife tonse tinakulira pamadenga amenewa."

"Ndiye unandibweretsera kuno kudzandiphunzitsa za nyengo?"

"Ayi, Dira wanga. Ndimafuna ndikuuze kuti... kuti..."

"Yankhula, fulu, basi ikusiyanso."

"Kuti ndikakhala m'galimoto mtima wanga sugunda ngati mmene ukugundira panopa. Ndiwe kona yokhayo imene ndimaopa, mbalame yanga."

Jandira anaseka mpaka misozi, kenako anatsamira mutu paphewa pake. "Nanenso ndimakukonda, chitsiru changa chothamanga."

Mafoni awo sankapuma. "Wadzuka bwanji, duwa la ku Bahia?" "Ndadzuka, fulu wanga. Wadya?" "Ndadya, koma sindinakhute poti sindinakuone." "Bodza! Amayi ako andiuza kuti wamaliza mphika wonse wa nyemba."

Kenako kunabwera uthenga umene mnyamata aliyense wa ku Interlagos amaulota. Timu ina ya ku Italy inkamufuna.

Pabwalo la ndege la Guarulhos, Jandira anatulutsa m'chikwama kansalu kofiira, kopyapyala ngati chala, kolembedwa dzina la Ambuye wa ku Bonfim. Amayi ake anali atakatenga kutchalitchi chotchuka cha Bonfim, cha pachitunda, kwawo ku Salvador, mzinda wa ku Bahia.

"Bweretsa mkono," anatero. "Ndimanga mfundo zitatu. Pa mfundo iliyonse upemphe chinthu chimodzi mumtima, osandiuza. Ukavale mpaka kadzagwe kokha. Tsiku limene kadzagwe, zopempha zako zakwanira. Koma usadzakadule, Tavinho. Kwathu munthu wodula kansalu aka ndiye kuti wadula zonse zimene anapempha, ndi amene anamumanga yemwe."

Anamanga mfundo yoyamba. Tavinho anapempha kupambana ku Ulaya. Yachiwiri, anapempha kudzapambana mpikisano waukulu pa Interlagos, amayi ake akuonera ali padenga. Yachitatu, anayang'ana nkhope ya Jandira, n'kupempha chimene mukuchidziwa kale.

"Ndikulonjeza, mtima wanga," anatero atagwira manja ake onse awiri. "Sindidzakadula, ngakhale atandiika mpeni pakhosi. Ndipo sindidzakunamiza, ngakhale kamodzi."

Malonjezo a pabwalo la ndege! Ndani sanawamvepo kukoma kwake?

Ku Italy kunali kuzizira kolowa m'mafupa. Khofi wawo anali wochepa ngati mankhwala a m'maso, ndipo nyemba ankaziphika ngati akuzichitira chisoni. Bwana wa timu, bambo wa ndevu zoyera dzina lake Ferruccio, anachiyang'ana chisoti chija n'kuseka.

"Wabwera ndi fulu ku dziko la akavalo, mnyamata?"

"Mumuone bwino lero, bwana. Mawa muzidzangomuonera kumbuyo."

Pa Monza, bwalo limene magalimoto amathamanga mpaka mitengo kuoneka ngati mpanda umodzi, Tavinho anayambira pakati pa gulu n'kumaliza woyamba. Anapambananso ku Austria. Ku England anapambana mvula ikukhuthuka, anzake akuterereka ngati ana pa sopo. Kansalu kofiira kanali pamkono, kobisika pansi pa golovesi, ndipo akangotsika m'galimoto ankakajambula n'kutumiza.

"Kakadalipo, mbalame yanga."

"Nanenso ndikadalipo, fulu wanga."

Mpikisano womaliza wa chaka unali ku Spa, m'nkhalango za ku Belgium. Wopambana pamenepo ndiye ankatenga ukatswiri wa chaka chonse. Magalimoto ali pafupi kutuluka, kunabwera mkulu woyendera zovala za oyendetsa. Anaona ovolosi, anaona nsapato, kenako anati Tavinho avule magolovesi.

"Ichi n'chiyani?"

"N'kansalu ka pemphero, bwana."

"Lamulo ukulidziwa. Chilichonse chogwira moto sichiloledwa pakhungu la woyendetsa. Galimoto ikayaka, kameneka kakusungunukira pamkono. Chotsa, apo ayi sulowa."

Tavinho anayesa kukavula, koma mfundo za Jandira zinali zitalimba ngati mwala. Anachonderera m'Chitaliyana chake chothyokathyoka. Mkulu uja anangoyang'ana kumbali. Kunja mainjini anali atayamba kubangula.

"Tavinho!" anakuwa Ferruccio. "Anthu onsewa agwira ntchito chaka chathunthu chifukwa cha iwe. Utitaya chifukwa cha kachingwe?"

Makaniko wina anamupatsa sizasi. Kodi akanatani? Inu mukanatani? Anatseka maso, n'kudula. Anakapinda kansalu kaja, n'kukaika m'chikwama chake.

Mmene anayendetsera tsiku limenelo, a ku Belgium akusimbabe. Pa chitunda china choopsa, pamene ena amachotsa phazi pa mafuta, iye anapondereza mpaka pansi. Anapambana! Anakhala katswiri wa chaka! Pansanja ya opambana anakweza chikho m'mwamba ndi manja awiri, nyimbo ya fuko la Brazil ikulira, makamera onse ali pa iye. Manja a ovolosi anatsetserekera m'munsi, mkono unaonekera, uli mbee.

Uthenga wa Jandira sunachedwe. "Wapambana, fulu wanga! Kuno anthu akuvina mumsewu, a Nestor akulira ngati khanda! Koma kansalu kali kuti?"

Apa ndi pamene katswiri wa makona anakhota kona yolakwika. Anaopa. Analemba, n'kufufuta, n'kulembanso.

"Kagwa kokha, mbalame yanga. M'mawa uno, ndikusamba."

"Zoona? Ndiye zonse zitatu zikwanira! Ndathamangira kutchalitchi kukayatsa kandulo. Ndawaimbira amayi ku Salvador, akuti akayenda wapansi mpaka ku Bonfim kukathokoza!"

Tavinho anakhala pansi, chikho chili pambali, mtima uli zii.

Bodza lili ndi miyendo yaifupi, ndipo la Tavinho silinathe n'komwe sabata. Timu inatulutsa kanema wokondwerera ukatswiri, woonetsa zonse za tsiku lija. Pakati pa kanemayo panali Tavinho, maso ali chitsekere, sizasi ili m'manja.

Foni inalira. Mawu a Jandira anali ozizira kuposa Belgium.

"Otávio."

Sanamutchulepo choncho chiyambire.

"Dira, ndimvere kaye. Anandikakamiza, lamulo lake..."

"Ndaona. Ndili ndi maso. Ukanandiuza kuti akukakamiza, ndikanalira tsiku limodzi, mawa lake n'kukutumizira kena. Ndimagwira ntchito ya zisoti ine, lamulo la moto ndikulidziwa. Koma iwe unandisiya ndikayatse kandulo kuthokoza bodza! Amayi anga, ndi maondo awo aja, anakwera chitunda cha Bonfim chifukwa cha bodza lako!"

"Ndinaopa kukutaya, mtima wanga."

"Usanditchule choncho. Unalonjeza ziwiri, waphwanya ziwiri. Choyambacho anakuphwanyitsa ndi anthu. Chachiwiricho waphwanya wekha."

Foni inaduka. Mauthenga ake onse kuyambira tsiku limenelo ankangopita ngati miyala yoponyedwa m'damu. Atabwera kutchuthi anakagogoda kuntchito kwake, koma Jandira anatuma mnzake kudzanena kuti kulibe, mawu ake akumveka mkatimo.

Moyo wa liwiro suyembekeza wosweka mtima. Tavinho anakwera gulu lapamwamba. Anapita ku Japan, kumene anthu amaombera m'manja mwaulemu ngati ali m'tchalitchi, ndipo anawachititsa kukuwa ngati a ku Interlagos. Anapita ku America, pa mabwalo ozungulira ngati mbale, kumene khoma limakudutsa pafupi ngati likufuna kukunong'oneza, ndipo anabwerako ndi zikho zosakwana m'kabati ya amayi ake. Anawamangira amayiwo nyumba yosanja pamalo omwewo, poti anakana kusamuka. A Nestor anawagulira galaja yonse. Nkhope yake inali pa zikwangwani kuyambira ku Guarulhos mpaka pakati pa mzinda. Atsikana okongola a mayiko asanu ndi limodzi anamupatsa manambala a foni, iye n'kumawaiwala m'matumba a majekete.

Zaka zitatu zonsezo ankavalabe chisoti cha mbalame ndi fulu. Jandira naye sanakhale pansi. Anatsegula malo akeake, ndipo oyendetsa a Brazil yense ankaima pamzere kuti awapentere.

Kenako zinthu ziwiri zinachitika pamodzi. Kunalengezedwa kuti mpikisano waukulu wa gulu la Tavinho ubwera ku Interlagos. Ndipo oyendera zida anati chisoti chakale chija chakalamba, sichingalowenso m'bwalo. Tavinho anagula chatsopano, choyera ngati dzira, n'kuwapatsa a Nestor.

"Mukamupemphe, a Nestor. Inu sangakubwezeni."

A Nestor anapita, ndipo anabwerako chisoti chili momwe chinapitira.

"Wati chiyani?"

"Wandipatsa khofi, wandifunsa za nyamakazi yanga. Kenako wati utoto wake sumata pa bodza."

Ferruccio, amene anali atakwera naye limodzi mpaka gulu lapamwamba, anabweretsa akatswiri ojambula a ku Milan, kwawo ku Italy. Tavinho anakana. Loweruka, tsiku loyeserera, analowa m'bwalo ndi chisoti choyera mbee, chopanda ngakhale kadontho. Anthu anadabwa. Mtolankhani wa pa TV anamuthamangira.

"Tavinho, mpikisano wa kwanu, dziko lonse likuonera, chisoti chopanda kanthu? Mbalame ija yapita kuti?"

Tavinho anayang'ana m'kamera mwenimweni.

"Chisoti changa amapenta ndi munthu mmodzi yekha. Ndinamunamiza. Ndinadula kansalu kamene anandimanga, n'kumuuza kuti kagwa kokha. Iye sanalakwe kanthu. Ngati sadzandipenteranso, ndidzavala choyera mpaka tsiku losiya mpikisano. Komanso kwa amayi ake a ku Salvador aja, amene anakwera chitunda chifukwa cha ine, ndikupepesa."

São Paulo yense anagwira pakamwa. M'mabasi, m'mabala, pa misika, nkhani inali imodzi. Koma foni ya Tavinho inali chete.

Lamlungu bwalo linadzaza mpaka pamipanda. Pamadenga a nyumba zozungulira panali anthu ngati nyerere, ndipo amayi a Tavinho anali pa lawo, atavala malaya achikasu. Tavinho anayambira pa nambala yachisanu. Magetsi ofiira oyambitsira mpikisano atazima, phokoso linang'amba thambo!

Anadutsa mmodzi pa kona yoyamba. Anadutsa wina potsetsereka. Koma awiri akutsogolo, Mjeremani ndi Mfalansa, anali ndi magalimoto amphamvu kuposa yake, ndipo ankangotalikira. Mpikisano unapitirira theka. Dzuwa linali likuwala.

Akukwera chitunda chomaliza, Tavinho anaponya diso pamwamba pa mpanda. Makaiti amene anadzaza thambo poyamba paja anali akutsika, onse nthawi imodzi.

"Ndikubwera kudzasintha matayala!" anakuwa pa wailesi ya m'chisoti. "Konzani a mvula!"

"Wapenga?" anayankha Ferruccio. "Kuli dzuwa! Ukalowa panopa ubwerera kumbuyo kwenikweni!"

"Bwana, kuno ndi kwathu. Konzani a mvula!"

Analowa. Amakaniko anasintha matayala mwa kuphethira kwa diso, ndipo anatuluka ali kumbuyo kwa gulu lonse, chisoti choyera chili chokhachokha. Bwalo linabuula. Wina anaponya chipewa pansi. Anazungulira kamodzi pa msewu wouma, matayala akulira. Kodi ana a pamadenga anamunamiza?

Dontho linagwa pagalasi la chisoti. Kenako lina. Kenako thambo linatseguka ngati wina wagubuduza mgolo!

Magalimoto a matayala osalala a padzuwa anayamba kuvina. Wina anazungulira ngati nguli, wina anakalowa mu udzu, otsalawo anathamangira kukasintha onse pamodzi n'kupanikizana pakhomo la malo osinthira matayala. Pakati pa chipwirikiti chonsecho panadutsa chisoti choyera, chikung'amba madzi ngati bwato. Chachikhumi! Chachisanu! Chachiwiri! Mjeremani anayesa kutseka njira pa kona yoyamba, koma Tavinho anachedwetsa buleki mpaka anthu anatseka maso, n'kulowera mkati, n'kutuluka ali patsogolo.

Mbendera ya timabokosi itagwedezeka, Interlagos inagwedezeka nayo. "Fu-lu! Fu-lu! Fu-lu!" Anthu osadziwana anakumbatirana m'mvula. Ferruccio anapsompsona makaniko aliyense pamphumi. Mwana wa kuseri kwa mpanda anali atapambana pakhomo pa amayi ake!

Tavinho anatsika m'galimoto, n'kuvula chisoti. Sanathamangire kunsanja. Maso ake anali pa kampanda ka anthu a timu, pamene panaima a Nestor atanyowa ngati nkhuku, ndipo pambali pawo, pansi pa ambulera, panali tsitsi lija longa mtambo.

Anayenda pang'onopang'ono, ngati fulu weniweni.

"Dira."

"Ndabwera chifukwa a Nestor anati akufuna wowagwirira ambulera," anatero Jandira, maso ali ofiira. "Komanso amayi andiimbira. Akuti anakuona pa TV, akukhululukira, koma maondo awo sanakukhululukire."

"Nanga mwana wawo?"

"Mwana wawo akuganizabe."

Tavinho anavula golovesi, n'kukwinya dzanja la ovolosi. Pamkono, pamalo penipeni pa kansalu kaja, panali kansalu kena kofiira ka mfundo zitatu, kojambulidwa pakhungu ndi singano ndi inki.

"Taona, mbalame yanga. Aka palibe angandidulitse. Ngakhale woyendera zovala, ngakhale mpeni pakhosi. Sikadzachoka mpaka kalekale!"

Jandira anakayang'ana. Anayang'ana a Nestor. Kenako anaphulika n'kuseka, misozi ikutsika pamodzi ndi mvula.

"Ambuye wa ku Bonfim, ndithandizeni! Chitsiru iwe, kansalu kamayenera kugwa kuti chopempha chikwanire! Aka kadzagwa liti? Wadzitsekera wekha pempho lako mpaka m'manda!"

A Nestor anagwira mimba. "Ndinamuuza ine kuti afunse kaye wa ku Bahia!"

Tavinho anakanda m'mutu, makamera a dziko lonse ali pa iye. Kenako anagwada m'madzi momwemo, n'kutulutsa m'thumba la a Nestor kabokosi kamene anawasungitsa m'mawa. Mkati munali mphete, itakulungidwa m'kansalu kakale kodulidwa kaja, mfundo zake zitatu zili chimangire.

"Ndiye bwino kasagwe," anatero. "Choyamba ndinapempha Ulaya, ndinakatenga ndi manja anga. Chachiwiri ndinapempha Interlagos, ndi iyi. Chachitatu sichili m'manja mwa kansalu, Dira wanga. Chili m'manja mwako. Sindikulonjeza zambiri ngati kale. Ndikulonjeza chimodzi: ukandifunsa, ndidzakuuza zoona, ngakhale zowawa. Undilola ndikhale mwamuna wako?"



Jandira anawapatsa a Nestor ambulera, n'kulanda cholembera chakuda m'manja mwa mayi wina amene ankadikira kuti katswiri amusainire chipewa. Anatola chisoti choyera chija, anachipukuta ndi malaya ake, anachitembenuza, n'kuyamba kujambula kumbuyo, pamwamba pa khosi. Kachigoba. Timiyendo tinayi. Kamutu kotukula.

Anamuveka chisoticho Tavinho akadali chigwadire, n'kugogoda pamwamba pake ndi chala.

"Mbalame ndidzapenta tikachoka kutchalitchi," anatero, akutambasula dzanja lamanzere. "Fulumira, fulu wanga. Basi iyi isakusiyenso."